Kabudula woyera ndi masiku a kumwezi

Mu 2023, timu ya amayi ya mpira wamiyendo ya dziko la England inasiya kuvala makabudula oyera. Osewera ankaopa kuti magazi a msambo angaonekere pamaso pa anthu. Chaka chomwecho, mpikisano wa tenesi wa Wimbledon unalola amayi kuvala kabudula wam'kati wakuda.

Vuto si manyazi okha. Mkazi akakhala kumwezi, m'mimba ndi msana zimatha kupweteka, thupi n'kulefuka. Wotaya magazi ambiri mwezi ndi mwezi amatha kuchepa magazi m'thupi. Akathamanga pang'ono, ali wefuwefu. Komabe matupi amasiyana. Ena amasewera bwinobwino masiku amenewa. Msambo si matenda.

Nanga kuno ku Maravia? Mtsikana wa ku Fingoé sangauze mphunzitsi wamwamuna kuti ali kumwezi. Amangosowa pabwalo, anthu n'kumati ndi waulesi. Mwezi uno wajomba, mwezi wamawa wajombanso, mapeto ake wasiyiratu. Pamenepa ndi pomwe tikutayira akatswiri. Kumbukirani kuti Lurdes Mutola, amene anapata mendulo ya golide pa liwiro la mamita 800 ku Sydney mu 2000, anayamba ndi kumenya mpira ndi anyamata ku Maputo.

Zofunika si zodula: kabudula wakuda, chimbudzi chokhala ndi madzi, ndi mayi mmodzi pa timu woti atsikana azimuuza zakukhosi. Makolo, nyemba, bonongwe ndi kapenta wa ku Cahora Bassa zimathandiza kubwezera magazi. Ululu ukanyanya, mupite naye kuchipatala.