Zitenje zakwana, chaka chino atengereni amayi kunyanja

Asisi, tiyambe ndi kamayeso kakang'ono. Tchulani mayina atatu a anzawo a mayi anu. Azakhali asakhalepo, aneba obwerekana nawo mchere asakhalepo. Ndikunena anzawo enieni, aja ankagona nawo hositelo imodzi, ankabwerekana nawo madiresi, amene mpaka lero angawaitane ndi dzina lawo la pautsikana osati "amake uje". Ambirife tikakamira pa dzina loyamba lomwe. Enafe tidabwa kumene kuti kani amayi analinso ndi anzawo.

Funso lachiwiri. Ndi liti amayi anakwera basi ulendo wake usali wa kumaliro, kuchinkhoswe, kumsonkhano wa mpingo kapena kukadikirira wodwala kuchipatala?

Ngati mafunso awiriwa akuvutani, nkhaniyi ndi yanu. Ine ndikuti mphatso imene amayi athu akuisowa ndi ulendo wa masiku awiri kapena atatu kunyanja, inu ndi iwo, ndipo akakafika akapeze anzawo akalekale akuwadikira pamchenga. Ndikutinso imeneyi ndi nkhani ya ufulu wa amayi, yofanana ndi zina zonse zimene timamenyera.

Taonani zimene timachita pa 15 October, tsiku la anakubala. Chitenje, mapoto, mbale, fulasiki. Timajambulitsa, timaika pa Facebook ndi mawu okoma, basi tathana nazo. Koma mphatso zimenezi zikuwauza chiyani? Zikuti bwererani kukhitchini, mwina ndi poto watsopano muphika bwino. Ndipo pa tsiku lawo lomwelo, wophika nsima ya anthu onse obwera kudzawayamikira amakhala iwo omwe. Timawatamanda kuti ndi olimba, ndi opirira, satopa. Asisi, amatopa. Kungoti palibe anawafunsapo.

Ubwenzi wa amayi athu sunathe chifukwa chokangana ayi. Unazima pang'onopang'ono ngati moto wosasonkhezera. Wina anakwatiwa n'kupita kuchitengwa ku Mzimba. Wina anatsatira bambo atawasamutsira ntchito ku Nsanje. Wina ali ku Joni. Nthawi imeneyo foni zam'manja kunalibe, keyala ikangosintha ndiye kuti mwatayana. Kenaka kunabwera ana, fizi, matenda a apongozi, geni ya kumsika. Ndipo tisabise mawu, ena anachita kuletsedwa. "Anzako aja akukusokoneza." "Mkazi wapabanja sayendayenda." Chonsecho bambo anzawo sanawataye. Kubawo amapita, kumpira amapita, Loweruka madzulo sapezeka pakhomo, ndipo palibe amawafunsa kuti ana asiyira ndani.

Ife amene timakhala pansi ndi amayi m'madera timaliona dzenje limeneli. Mayi amene alibe mnzake womuuza zakukhosi ndi amene amapirira nkhanza zaka ndi zaka, chifukwa aliyense womuzungulira ndi wachibale, ndipo wachibale amangoti banja ndi kupirira. Mnzako ndi amene amakuuza kuti "iwe, izi si zoona", ndi amene amakupatsa pogona usiku zikavuta. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limavomereza kuti nkhanza si kumenya kokha, palinso zozunza maganizo ndi zachuma. Gawo 39 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda m'Malawi muno, ndipo silinena kuti kupatula akazi okwatiwa. Ngakhale chikalata cha United Nations cha ufulu wa anthu cha 1948, pa mfundo 24, chimati aliyense ali ndi ufulu wopuma ndi kusangalala. Ufulu umenewu ife timaufuna kwa mabwana athu kuntchito. Kwa amayi athu tinaiwala kuti nawonso ndi wawo.

Nanga bwanji Chintheche? Choyamba, ndi kokongola, tisanamizane. Mchenga woyera, madzi oti mukaimamo mumaona zala zanu za kumapazi, mitengo ya mango yofika pafupi ndi gombe. Kuli m'boma la Nkhata Bay, pamsewu wa M5, pafupifupi makilomita 40 kummwera kwa boma. Ochokera ku Lilongwe mumadzera ku Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa. Ochokera ku Mzuzu mumangotsetsereka. Ndi malo oti mnzawo wa ku Karonga ndi mnzawo wa ku Dedza akhoza kukumana popanda wina kuyenda dziko lonse.

Achinyamatafe malowa tinawadziwa kale. Lake of Stars yoyamba mu 2004 inachitikira ku Chintheche, ndipo inabwereranso komweko mu 2016. Kuchokera apo takhala tikupita kunyanja ndi anzathu, kumaphwando a zoimba, kumaukwati, kukajambulitsa. Ndiye dzifunseni, popita kumeneko mwana tinasiyira ndani? Amayi omwewo, amene mwina nyanja anangoiona pawindo la basi akupita kumaliro.

Kwa amayi, Chintheche ili ndi zake. Pafupi pomwepo pali Bandawe, pamene amishoni a Livingstonia anakhazikika mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, asanakwere ku Khondowe. Tchalitchi chakale chikadalipo, ndipo mayi wa Mvano kapena wa Umanyano akachiona simumuchotsako msanga. Ngati anaphunzira ku Bandawe Girls ndiye musachite kufunsa, misozi ilipo. Kuli kondowole ndi batala, kuli usipa wauwisi wongovuulidwa kumene. Kuli Atonga, eni chilimika, gule amene akazi amavina atatchena pa nyengo ya chaka chatsopano. Anthu amenewa anadziwa kalekale kuti mkazi kutchena ndi kusangalala pagulu si mlandu.

Tsopano nkhani ya madzi, imene kwa ine ndi mtima wa ulendowu. Pitani pagombe lililonse m'mawa muone. Anyamata ali m'madzi kusambira, kudumphira pamiyala. Amayi ali m'mphepete, atawerama, kutsuka mbale, kuchapa, kutunga, kudikira mabwato. Mkazi amafika kunyanja ndi ntchito m'manja. Ndipo amayi athu a m'tauni anakula ndi uthenga woti thupi la mkazi ndi chinthu chobisa. Kumbukirani kuti kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo la dziko lino linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yaifupi. Mayi wobadwa mu 1970 anakula mpaka kufika zaka 23 pansi pa lamulo limenelo. Lamulo linachoka koma maganizo anatsala, n'chifukwa chake mu January 2012 akazi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre kamba ka thalauza. Ndiye musadabwe amayi akamakana kulowa m'madzi n'kumati "ine ndione bwanji, anthu aziti chiyani". Mantha amenewo anachita kuphunzitsidwa.

Ku Senegal kuli Khadjou Sambe, mkazi woyamba m'dzikomo kuchita ngati ntchito masewera aja oima pathabwa n'kumakwera mafunde. Ku Dakar waphunzitsa atsikana ena masewerawa, m'dera limene anthu ankati nyanja ndi ya amuna. Nyanja yathu ilibe mafunde a Atlantic, koma mfundo yake ndi yomweyo. Mayi wa zaka 55 akalowa m'madzi mpaka m'chiuno, atagwirana manja ndi mnzake wa ku sekondale, funde n'kuwamenya onse n'kugwa akuseka, pamenepo china chake chabwezedwa kwa mwini wake. Malo ena ogona alendo amabwereketsa timabwato topalasa ndi mathabwa opalasa utaimirira. Ku Kande, kummwera pang'ono, kuli mahatchi oyenda nawo pagombe. Koma ngakhale kungoviika mapazi ndi chitenje chili m'chiuno, n'chiyambi.

Nyanja si yoseweretsa, izi ndinene mosapsatira. Mwera umaomba kwambiri miyezi yozizira, cha mu May mpaka August, ndipo ukakwiya ngakhale asodzi amakoka mabwato. A zanyengo akachenjeza za mwera, mverani. Osakwera bwato popanda life jacket. Funsani eni dera malo abwino osambira, makamaka pafupi ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja, chifukwa ng'ona sizidziwa kuti ndinu alendo. Mukabwerako kafunseni kuchipatala za likodzo. Ndipo mankhwala a BP kapena a shuga akhale chinthu choyamba kulowa m'chikwama.

Ena afunsa kuti bwanji kuchita kuwadzidzimutsa, osangowauza? Chifukwa amayi timawadziwa. Mukawafunsa ayankha kuti "ndalama zimenezo bwanji osangondigulira feteleza", kapena "mupatseni mng'ono wanu ya fizi". Anazolowera kudziika kumapeto moti chinthu chawochawo amachiona ngati kuba. Komabe pano tisamale. Ife timalalikira kuti mkazi azisankha yekha, ndiye sitingawanyamule amayi ngati katundu. Auzeni tsiku, auzeni kumene mukupita, auzeni kuti zonse zalipiridwa kale ndipo ndalama sibwerera. Chobisa chikhale chimodzi basi, anthu amene akawapeze kumeneko. Ndipo fufuzani bwino kwa azakhali kuti anzawowo ndi amene angakonde kuwaona, chifukwa si onse a pachithunzi chakale amene anasiyana bwino. Akakana kulowa m'madzi, asiyeni. Akakana kuti vidiyo yawo ipite pa TikTok, foni ibwerere m'thumba. Ulendowu ndi wawo, si wa otitsatira.

Anzawo akafika, inu bwererani m'mbuyo. Phikani ndinu, tsukani mbale ndinu, tiyi afike pamkeka. Mukatero mudzamva zimene simunamvepo. Mudzamva amayi akuitanidwa ndi dzina lawo. Mudzamva kuti ankathamanga kuposa anyamata, kuti ankafuna kukhala namwino, kuti analipo wina asanabwere bambo. Mudzawamva akuseka kuseka kwina, kosayang'ana kuti ndani akumva. Ambirife timadziwa amayi ngati ntchito imene amatigwirira. Munthu wake sitinakumane naye.

Nanga bambo? Bambo timawadziwitsa mwaulemu, nthawi ikadalipo. Sitikukapempha chilolezo, chifukwa mayi wa zaka 50 si mwana wa sukulu. Masiku atatu achimwene akhoza kuphika, sadzafa. Koma ngati mukudziwa kuti pakhomo pali nkhanza ndipo ulendowu ukhoza kuwabweretsera amayi mavuto pobwera, yambani mwakambirana ndi amayiwo, iwo ndi amene akudziwa kutentha kwa moto umene ali nawo pafupi.

Ndikudziwa, ena mwayamba kale kunena kuti izi ndi za anthu a ndalama. Zinthu zadula, palibe angatsutse. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale thiransipoti yopita kumudzi timachita kuiwerengera. Koma tiyeni tinene chilungamo. Chaka chino mwasonkha kangati za bridal shower? Nsalu ya yunifomu ya ukwati mwagula kangati? Ndipo tsiku limene amayi adzatisiye, gulu la WhatsApp lidzatsegulidwa ola lomwelo, ndalama ya bokosi lokongola, nkhata ndi basi yonyamula anthu idzapezeka tsiku limodzi. Anzawo aja tidzawafunafuna mpaka kuwapeza kuti abwere kudzalira. Ngati tingathe kuwasonkhanitsa pamaliro, tingathenso kuwasonkhanitsa mwini wake akadali moyo, akutha kuyenda ndi kudya batala.

Ndipo simukuyenera kusenza nokha. Amayi anayi ndiye kuti pali ana a nyumba zinayi. Pezanani, tsegulani gulu, yambani chipereganyu miyezi isanu ndi umodzi isanafike. Kwerani basi, galimoto ya hayala si lamulo. Funani malo amene amalola kudziphikira, nyamulani ufa, mafuta ndi tomato, nsomba mukagula konko. Pewani masiku a Khirisimasi ndi Isitala pamene malo ogona amadzaza. Ngati Chintheche yatalika, Senga Bay ilipo, Mangochi aliko. Chachikulu ndi madzi, anzawo, ndi masiku amene palibe akuwaitana kuti "amayi, ndiwo zili kuti".

Mukafika kumeneko, kumbukiraninso mayi wa ku Chintheche amene akukugulitsani usipa, nthochi kapena chinangwa. Iyenso ndi mayi wa wina, ndipo nyanja imene inu mwabwera kudzapumirako kwa iye ndi kuntchito. Mupatseni moni, "mwe uli?" sikuvuta kuphunzira. Musamunenerere mpaka kumumaliza phindu pamene pamalo ogona mwalipira osatsutsa. Musamujambule osapempha. Ufulu wopuma umene tikufunira amayi athu, naye akuufuna.

Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mawondo a amayi sakubwerera m'mbuyo, ndipo pachithunzi chija cha Fomu 4 ena anapita kale. Usiku uno imbirani azakhali kapena amayi aang'ono, muwafunse funso limodzi: kodi mnzawo wapamtima wa amayi ali mtsikana anali ndani, ndipo pano ali kuti? Dzina likapezeka, nambala ipezeka. Mukatero tiyambe kusonkha.