Nkhondo ya Chiwaya ilibe manda ku Nsaru: woperekeza alendo azilankhulira ndani?

Funsani wophunzira aliyense wa pa yunivesite kuti chiwaya n'chiyani, akulozerani pomwe amakazinga tchipisi kunja kwa geti. Agogo a agogo athu liwuli ankalidziwa mwa mtundu wina. Kwa iwo chiwaya inali mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Dzinalo linatsala pa mbaula, koma nkhani yake tinaitaya.

Maganizo anga ndi akuti ife amene tikuphunzira mbiri, zokopa alendo kapena za chikhalidwe tiyenera kuyamba kuiona ntchito yoperekeza alendo ku malo omwe kunamenyedwa nkhondo ndi ku manda a asilikali ngati ntchito yeniyeni. Koma pali chenjezo. Tikamangowerengera alendo zomwe zinalembedwa pa miyala, tidzakhala tikufotokoza nkhondo ya akuluakulu a asilikali achizungu, pomwe anthu a kwathu, ngati a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, amene anaisenza nkhondoyo pamutu, tidzawakwiriranso kachiwiri.

Malo oti n'kuonetsa alipo, ndipo si ochepa. Pa 13 August 1914, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inachoka kupita ku Sphinxhafen, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann yomwe inali pamtunda ikukonzedwa. Iyi inali imodzi mwa nkhondo zoyambirira za pamadzi pa nkhondo yonseyo, ndipo inachitikira pa nyanja yathu. Mfuti ya Guendolen ili ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi. Pa 9 September chaka chomwecho, asilikali a Ajeremani anatsika kuchokera kumpoto n'kuukira Karonga, ndipo manda a omwe anafa pa nkhondoyo alipobe m'taunimo. Ku Zomba kuli nsanja ya King's African Rifles, KAR, kufupi ndi Cobbe Barracks. Ku Lilongwe kuli chipilala cha ku Area 18. Ngakhale mayina a malo a asilikali athu ndi mbiri payokha. Moyale Barracks ya ku Mzuzu inatenga dzina la tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a KAR anamenyana ndi a Italy mu 1940.

Kwa ife a kumadzulo kwa Lilongwe, msewu wodutsa pa Mpingu ndi Namitete umakathera ku malo ena a nkhondo. Boma la Mchinji kale linkatchedwa Fort Manning, linga lomwe Angerezi anamanga mu 1898 atagonjetsa Angoni a Mpezeni. Pa nkhondo imeneyo Nsingo, mwana wa Mpezeni, anagwidwa n'kuomberedwa, ndipo ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa. Timadutsa m'msewuwu pa minibasi kupita ku Chipata osadziwa kuti tikulowera ku bwalo la nkhondo.

Kumaiko ena anthu amadya ndi ntchito imeneyi. Ku Ypres m'dziko la Belgium, pa chipata cha Menin Gate palembedwa mayina oposa 54,000 a asilikali omwe mitembo yawo sinapezeke, ndipo usiku uliwonse nthawi ya 8 koloko amaliza lipenga lowakumbukira, mwambo womwe unayamba mu 1928. Alendo amadzaza pamenepo, ndipo operekeza alendo, malo ogona ndi ogulitsa mabuku amapeza zawo. Ku South Africa, malemu David Rattray anatchuka pofotokozera alendo nkhondo ya ku Isandlwana ya mu 1879, komwe Azulu anagonjetsa asilikali a Britain. Chomwe chinkakoka anthu si phiri lokhalo, koma kuti ankafotokozanso momwe Azulu eniakewo ankaikumbukira nkhondoyo. Malo a nkhondo paokha ndi thengo chabe. Amene amawapatsa moyo ndi munthu wodziwa nkhani.

Funso n'lakuti nkhani ya ndani. Katswiri wa mbiri Melvin Page, amene analemba buku lotchedwa The Chiwaya War, anapeza kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 analowa usilikali pa nkhondo yoyamba, pomwe pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya utengatenga. Panthawiyo dziko lonse linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Atengatenga ndiwo ankasenza ufa, zipolopolo, mahema ndi katundu yense wa asilikali, wapansi, kudutsa m'mapiri a kumwera kwa Tanganyika ndi m'nkhalango za ku Mozambique, pothamangitsana ndi mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, yemwe anadzatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala, pa 25 November 1918. Ambiri mwa atengatenga sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, ndipo asilikali ankagwira anthu m'midzi. Amene ankafa ankafa ndi kamwazi, chibayo, njala ndi kutopa, n'kusiyidwa m'mphepete mwa njira.

Pa nsanja ya ku Zomba pali mayina a asilikali a KAR, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Koma mtengatenga amene anagwa ndi katundu pamutu kutali ndi kwawo alibe mwala. Izi sizinangochitika mwangozi. Mu April 2021, bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa ndi ku Middle East, omwe anafa potumikira Britain pa nkhondo yoyamba, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo ena sanakumbukiridwe n'komwe. Lipotilo linati tsankho ndilo linachititsa. Nduna ya chitetezo ya Britain ya nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Ngati eni manda avomereza okha kuti miyala yawo sinena zonse, woperekeza alendo wa Chimalawi alibe chifukwa chomangobwereza zomwe zili pa miyalapo.

Apa m'pamene Nsaru akulowera m'nkhaniyi. Ku Nsaru kulibe linga, kulibe mizere ya miyala yoyera, kulibe mfuti yakale yoti mlendo ajambulirepo chithunzi. Wina anganene kuti nkhondo sinafike kumeneko. Koma nkhondo ikatenga mwamuna nthawi ya dzinja, munda n'kutsala ndi mayi ndi ana, ndiye kuti yafika. Ikabweza anthu odwala, n'kutsatidwa ndi mliri wa chimfine wa mu 1918, ndiye kuti yafika. Page analembanso padera za momwe nkhondoyi inakhudzira Achewa, ndipo anasonyeza kuti ena ankadzitchinjiriza ndi nyau pothawa kugwidwa. Mwamuna wobisala kumanda kapena kudambwe pomwe asilikali akusaka anthu m'mudzi ndi gawo la mbiri ya nkhondoyo, chimodzimodzi msilikali wa ku Karonga.

Chikumbutso china tili nacho, kungoti chimavina. Yang'anani bwino mganda: amuna ali m'mizere, zovala zofanana zochapa bwino, mapazi akugunda pamodzi, ng'oma yaikulu ikutsogolera, malipenga a zipanda akulira. Akatswiri a mbiri amagwirizanitsa mganda, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, komanso beni wa ku Mangochi, ndi perete wa asilikali a atsamunda yemwe amuna obwera ku nkhondo anamuona n'kumusandutsa gule. Anthu omwe sanapatsidwe chipilala anadzimangira chawo m'bwalo la mudzi. Woperekeza alendo amene angamutenge mlendo pa chipilala cha ku Area 18 m'mawa, masana n'kumufikitsa ku bwalo la mganda kwa Kabudula, n'kumufotokozera chomwe chikulumikiza malo awiriwa, wapereka chinthu chomwe mlendoyo sangachipeze ku Belgium.

Ndikudziwa kuti pali otsutsa, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Oyamba amati iyi sinali nkhondo yathu, ndiye kuikumbukira n'kutamanda atsamunda. Kuti sinali yathu, John Chilembwe ananena kale. Mu November 1914, patangopita miyezi iwiri chichitikireni nkhondo ya ku Karonga, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda osauka akukhetsa magazi pa mkangano womwe sadzapindula nawo kanthu. Boma linaitsekereza kalatayo, ndipo pa 23 January 1915 Chilembwe anaukira. Munthu sangamvetse Chilembwe amene timamukumbukira pa 15 January chaka chilichonse popanda kumvetsa Karonga. Nkhondo sinali yathu, koma maliro anali athu. Kukana kufotokoza nkhaniyi sikulanga Britain, kukulanga akufa athu omwe.

Ena amati kulipiritsa anthu kuti aone manda n'kugulitsa akufa. Nkhawa imeneyi ndimaimva, makamaka kwathu komwe manda si malo ongolowapo. Kumanda sulowa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo dambwe si malo oonetsa alendo, kaya abwera ndi ndalama zingati. Koma ichi ndi chifukwa chake ntchitoyi ikufunika mwana wa komweko, wodziwa poyenera kuvula chipewa, poyenera kubisa kamera ndi poyenera kubwerera. Chomwe mlendo amalipira si mtembo, ndi nthawi ndi nzeru za womuperekeza, monga momwe timalipirira mphunzitsi wa mbiri. Chinyengo chimayamba pamene wa m'tauni wabweretsa alendo, gulu la mganda lavina thukuta lili kamukamu, agogo afotokoza nkhani ya bambo awo, kenako onse n'kupatsidwa botolo la zoziziritsa kukhosi, ndalama yeniyeni n'kubwerera ku Lilongwe. Mtengo wa ovina, wa wofotokoza ndi wa mudzi uyenera kukambidwa poyera ulendo usanayambe. Tikapanda kutero tidzakhala tikubwereza utengatenga womwewo: ena asenze, ena atchuke.

Enanso amati alendo ake ali kuti, popeza obwera kuno amafuna nyanja, Mulanje ndi njovu za ku Liwonde. N'zoona kuti palibe amene angalemere mawa ndi ntchitoyi. Koma tisamaganize kuti mlendo ndi mzungu yekha. Ana a sekondale omwe amaloweza za nkhondo yoyamba pokonzekera MSCE osaonapo malo ake ndi alendo. Asilikali achinyamata ofuna kudziwa komwe mayina a malo awo anachokera ndi alendo. Amalawi a ku Johannesburg ndi Harare obwera ndi ana awo pa Khirisimasi ndi alendo. Ndipo woperekeza alendo ku nyanja kapena ku Chongoni akakhala ndi nkhani imeneyi m'thumba, ali ndi tsiku lina lowonjezera loti agulitse.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi. Omwe anaona Nkhondo ya Chiwaya anatha onse. Mawu awo tili nawo chifukwa m'zaka za m'ma 1970 Page ndi Amalawi achinyamata omwe ankamuthandiza anayenda m'midzi n'kuwafunsa akadali moyo. Tsopano ndi nthawi ya a nkhondo yachiwiri, omwe ena a iwo anakafika mpaka ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, mu 1944. Munthu amene anali ndi zaka 18 mu 1945 anabadwa mu 1927. Werengani nokha kuti atsala angati. Koma ana awo alipo, ndipo m'nyumba zina muli mamendulo m'chitini, chithunzi chothimbirira, kapena dzina lachilendo lomwe mwana anapatsidwa bambo atabwera ku nkhondo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likauma tilibenso kokatunga.

Ndiye tchuthi chikubwerachi, inu a ku Nsaru, Namitete, Mpingu ndi Nambuma, yambirani pakhomo. Pitani kwa mfumu mukapemphe chilolezo. Khalani pansi ndi agogo, foni ili pa mkeka ikujambula mawu, muwafunse kuti m'banjamo ndani anapita ku nkhondo, anatengedwa bwanji, anabwera kapena ayi. Lembani dzina, mudzi ndi mfumu yaikulu. Funsani akuluakulu a mganda kuti gulu lawo linayamba liti ndipo anayambitsa ndani. Mukabwerera kusukulu, kayerekezeni zomwe mwamva ndi zolembedwa za ku National Archives ku Zomba, chifukwa woperekeza alendo wonama amaononga ntchito ya onse, ndipo nkhani yokometsera siilemekeza wakufa. Amene mukufuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, nawu uli pakhomo panu.

Mwezi wa November ukafika, akuluakulu a boma amakaika nkhata za maluwa pa zipilala, lipenga n'kulira, anthu n'kukhala chete kwa mphindi ziwiri. Ndi mwambo wabwino. Koma mtengatenga wa kwa Kabudula dzina lake silili pa chipilala chilichonse, ndipo silidzalembedwapo ngati mdzukulu wake amene anafika ku yunivesite sapita kukalifunsa.