Kubiriwira kwa Nyika kusatinyenge

Kawirikawiri timamva anthu akunena kuti malo a pa Nyika akungogona, boma liwapereke kuti anthu alime. Mkwiyo wawo ndi womveka. Paki ya Nyika itakuzidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa, ndipo bala limenelo silinapole mpaka lero. Koma amene akuganiza kuti pamwamba paja padzatuluka nkhokwe za chimanga, maso akumunamiza.

Akatswiri a zachilengedwe amayeza mphamvu ya malo poona kulemera kwa zomera zimene malowo amabereka pa chaka, zikauma. Pa dziko lonse, madambo ndi nkhalango zowirira za kumadera a mvula yambiri ndiwo amatsogola, pafupifupi makilogalamu 2 pa sikweya mita iliyonse. Malo ozizira a udzu wokhawokha, ngakhalenso minda yambiri yolimidwa, safika ndi kilogalamu imodzi yomwe.

Nyika ili m'gulu lachiwirili. Nsonga ya Nganda ndi yopitirira mamita 2,600, dothi ndi losagwira chonde, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimawaula udzu ku Chelinda. Udzuwo umalekeza m'mawondo. Tsikirani ku dambo la Vwaza muone bango lopitirira msinkhu wa munthu, muone mvuu, njati ndi njovu zitaunjikana pa nyanja ya Kazuni mu Okutobala, kwina konse kutauma gwaa. Kumeneko ndiye kuli kutentha, madzi ndi matope achonde pamodzi.

Zokolola za Nyika ndi madzi. Udzu wamfupi uja umasunga mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje monga Rumphi ndi Runyina, imene imathira mu South Rukuru, mtsinje wodutsa m'chigwa cha Henga. Mukatipula pamwamba, chimanga mupeza chochepa, ndipo madimba a kumunsi adzauma.

Chondipweteka mtima n'chakuti pamene tikukanganirana phiri, malo obereka kwambiri tikuwapha tokha. Tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tikutentha bango, tikugwetsa mitengo yomangira zigafa za fodya, ndipo mvula yoyamba ikagwa madzi amatsika ofiira ndi dothi lathu lomwe.

Khonsolo ya Rumphi ndi mafumu, kuyambira ku Bolero mpaka ku Hewe, aike malire pa dambo lililonse mvula isanagwe, ndipo wolima kupyola malirewo alipitsidwe chindapusa. Amene anasamutsidwa ku Nyika apatsidwe gawo looneka la ndalama zimene alendo amalipira pa chipata cha pakiyi ku Thazima.