Sewero Silidikira Nsalu Yotchinga

Pali maganizo ena amene afala m'masukulu athu, akuti sewero silingakhale lenileni popanda nsanja yaitali ndi nsalu yaikulu yotchinga kutsogolo kwake. Chifukwa cha maganizo amenewa, makomiti ena amasonkhetsa makolo ndalama za matabwa ndi nsalu pamene ana alibe mabuku. Kumene ndalamazo sizipezeka, aphunzitsi amangoti, "Ife kuno sitichita masewero, pakuti tilibe holo." Ine ndinena poyera kuti maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo akumana ana athu chinthu chabwino.

Tiyeni tione mitundu itatu ya malo ochitirapo masewero, kuti inu owerenga muweruze nokha.

Mtundu woyamba ndiwo nsanja ija ya nsalu yotchinga. Oonerera onse amakhala mbali imodzi, nayang'ana ochita sewero monga munthu wosuzumira pazenera m'nyumba ya mnzake. Mtundu umenewu unakulira ku Italy, ndipo nyumba ya Teatro Farnese ya mumzinda wa Parma, yomangidwa m'chaka cha 1618, ndi imodzi mwa nyumba zoyamba zotere. Ubwino wake sitiukana ayi. Nsalu ikatsekedwa, mukhoza kuchotsa mudzi ndi kuikapo nkhalango anthu osaona, ndipo wochita sewero amabisala kumbali kufikira nthawi yake itakwana. Komatu nsanja yotere imadya ndalama, pakuti ifuna denga, matabwa ndi nyali. Ndiponso amene akhala kumbuyo kwa holo amangoona milomo ikugwedera, mawu osawamva.

Mtundu wachiwiri ndiwo nsanja yolowa pakati pa anthu, monga mtunda wolowa m'nyanja. Oonerera amakhala mbali zitatu, ndipo kumbuyo kuli khoma la zitseko zotulukirapo ochita sewero. Nyumba ya Globe, yomangidwa ku London m'chaka cha 1599, inali yotere, ndipo m'menemo ankachitiramo masewero a William Shakespeare. Pakati pake panalibe denga. Ankasewera masana ndi kuunika kwa dzuwa, ndipo osauka ankaimirira mozungulira nsanja atalipira peni imodzi. Nsalu yotchinga kutsogolo panalibe. Kodi alipo angayerekeze kunena kuti amenewo sanali masewero enieni? Kuipa kwake kwa nsanja imeneyi ndi kwakuti simungaikepo zinthu zazikulu, pakuti zimatchinga anthu a m'mbali.

Mtundu wachitatu ndiwo bwalo, pamene anthu amazinga mbali zonse, ochita sewero ali pakati. Ili ndilo lathu. Pabwalo timavinirapo chimtali ndi mganda. Pabwalo amatulukirapo Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu onse a padziko. Tsono taonani chodabwitsa: ku Manchester, m'dziko la England, anatsegula m'chaka cha 1976 nyumba ya masewero ya Royal Exchange, m'mene oonerera amakhala mozungulira monga pabwalo la kwathu. Chimene ife tikuchipeputsa, ena anachimanga ndi ndalama zambiri.

Otsutsa adzati, "Pabwalo mwana amafulatira ena mwa oonerera, mvula imabalalitsa anthu, ndipo palibe pobisala." Zonsezi nzoona, koma zili ndi mankhwala ake. Mwana aphunzitsidwe kutembenuka ndi kuyenda monga achitira wovina, kuti mbali iliyonse ione nkhope yake. Masewero achitike m'chilimwe, anthu atakolola, pamene mvula yaleka ndipo makolo ali ndi mpata. Pobisala ndi posinthira zovala, kampanda ka udzu nkokwanira, ndipo ana a sukulu angakamange tsiku limodzi.

Ubwino wa bwalo uposa zovuta zimenezi. Anthu akakhala mozungulira, palibe amene ali kutali, ndipo ngakhale agogo a makutu olema amamva. Pabwalo oonerera sakhala alendo: amavomera nyimbo, amawomba m'manja, amayankha monga tiyankhira nthano kuti, "Tili tonse." Nsalu yotchinga imaphunzitsa anthu kukhala duu ngati ali pamaliro, koma bwalo limawalowetsa m'sewero. Ndipo mwana wozolowera kulankhula anthu atamzinga sadzanjenjemera tsiku limene adzaimirira pamsonkhano kapena pamlandu kwa amfumu.

Sindikuti aphwasule maholo amene alipo kale. Amene ali nawo awagwiritse ntchito. Koma inu makolo ndi aphunzitsi a masukulu opanda holo, kumbukirani mawu a akuluakulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama za nsalu zija gulirani ana mabuku. Sesani pansi pa mtengo wa kachere, yalani mphasa mozungulira, itanani mudzi wonse, ndipo ana ayambe kusewera chaka chino chomwe.