Chidindo cha Amfumu Sichikwanira

Ku Thambani, munthu akagula munda amapatsidwa pepala long'ambidwa m'kope, mboni ziwiri zasainira, amfumu adinda. Basi. Amfumuwo akamwalira, wolowa ufumu amangoti sakudziwapo kanthu, ndipo manachesi amene unabzala zaka khumi zapitazo asanduka a mphwake wa wogulitsa.

Zimenezi n'zochititsa manyazi chifukwa lamulo lilipo. Customary Land Act inadutsa mu Nyumba ya Malamulo mu 2016, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2018. Imati m'dera la gulupu aliyense mukhale komiti yoona za malo, gulupuyo wapampando, ena asanu ndi mmodzi, osachepera atatu mwa iwo amayi. Imatinso banja lingathe kulembetsa malo ake n'kulandira satifiketi. Nanga ndi angati kumudzi kwanu amene anaigwirapo satifiketiyo m'manja?

Wofuna lizi amadziwa njira: sapota, saveya, maulendo a ku Blantyre. Mlimi wa nandolo ndalama zoterozo azitenga kuti? Choncho olembetsa ndi amalonda ndi mabwana a m'tauni, amene kale ali ndi mphamvu.

Ena amati kulembetsa kukulanda mafumu ulemu. Ayi ndithu, gulupu ndiye wapampando! Chimene chikulandidwa ndi mwayi wogulitsa munda umodzi kawiri.

Njanji ya Vale itadutsa m'boma lino, anthu anaona kuti malo ali ndi mtengo. Khonsolo ya Mwanza itumize makalaliki a malo ku Thambani, kaundula akhale pa boma, mlimi azitha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo.