ZA MTENGO WA LAMYA M'DZIKO LA SALIMA

Kwa Mafumu ndi Mamembala onse,

Pa msonkhano ulinkudza tiyenera kuweruza mlandu wa lamya. Njanji inafika ku Salima m'caka ca 1935, koma kufikira lero waya wa MTL sanalowe m'nyumba zambiri za asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka. Cotero tadalira makampani awiri: TNM, imene inayamba mu 1995, ndi Airtel, imene inalowa m'malo mwa Zain mu 2010.

Ena ati, awiri akapikisana mtengo utsika. Nanga watsika kuti? Mabandulo ambiri otsika mtengo aimbira anthu a kampani yomweyo basi. Msodzi wofuna wogula usipa wa kampani inayo alipira koposa, kapena asunga masimu awiri. Bungwe la ITU linapeza mu 2014 kuti lamya inali kudya koposa theka la ndalama zimene Mmalawi apata pa mwezi. Mu 2015 Boma linasenzetsanso anthu msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga ndi intaneti. Kodi cimeneci ndi cilungamo?

Mutu umodzi susenza denga. Tipempha Mafumu athu atsimikize kalata yopita kwa MACRA, kuti mtengo wa mphindi ukhale umodzi poimbira kampani iriyonse.

Ndine wanu,
Mlembi wa Bungwe.