Musanamange chodumpha, ganizirani wogwa

Kwathu ku Ntcheu hatchi timangoiona pa chithunzi. Zathu ndi ng'ombe zapangolo. Ine hatchi yamoyo ndinaiona koyamba nditabwera kusukulu kuno ku Zomba, pamwamba pa phiri pomwe alendo amalipira kuti akwere. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikutha bandulo poonera mpikisano wa mahatchi wodutsa m'tchire, womwe eni ake amautcha cross-country. Ndi gawo limodzi mwa atatu a masewero a eventing, omwe ali m'mpikisano wa Olympics kuyambira 1912.

Chinandidabwitsa ndi ichi: masewero ndi a anthu achuma, koma zomwe hatchi imadumpha ndi zinthu wamba. Chipika cha mtengo, ngalande, dziwe, mpanda wa zitsamba. Ambiri ophunzirira pakhomo amadzipangira okha ndi matayala akutha, migolo ndi matabwa otsala. Kalipentala aliyense wa pa Lizulu angakhome zimenezi dzuwa lisanalowe.

Koma luso lenileni silili pa kutchipako. Zodumpha za m'tchirezi ndi zolimba, sizigwa zikagundidwa. Hatchi ikaphonya n'kugunda ndi miyendo yakutsogolo, imatembenuzika m'malere n'kugwera wokwerayo, pomwe iyo imalemera pafupifupi makilogalamu 500. M'chaka cha 1999 okwera asanu anamwalira ku Britain pa masewerowa. Zitatero anayamba kugwiritsa ntchito timapini tomwe timathyoka hatchi ikagunda mwamphamvu, kuti mtengo utsike m'malo moigubuduza. Wodzipangira pakhomo naye amalangizidwa kukhomerera chodumpha chake pansi kuti chisagubuduke, kuchotsa misomali yotulukira ndi kukwirira maenje. Womanga wabwino amayambira pa funso limodzi: nanga wolephera agwa bwanji?

Funso limeneli ndi lomwe ife sitidzifunsa. Ndili sitandade 7, kusukulu kwathu tinkachita mpikisano wodumpha m'mwamba. Tinazika nsungwi ziwiri, n'kumanga chingwe pakati, chothina ndithu kuti chisatsike. Kuseri kwake kunali dothi louma la m'chilimwe. Mnzanga wina, amene ankatiposa tonse, anakola phazi pa chingwecho n'kugwera dzanja. Anathyoka mkono, ndipo sanadumphenso mpaka tinamaliza sukulu. Tonse tinati ndi ngozi. Lero ndikuona kuti ngoziyo tinaimanga tokha.

Ndikudziwa yankho lomwe ena apereke: sukulu zathu zilibe ndalama, matiresi a masewero ndi odula. N'zoona. Ngakhale Dick Fosbury, amene anapambana pa Olympics ya 1968 ku Mexico City podumpha chagada, anatha kutero chifukwa matiresi ofewa anali atafika. Koma iwo asanabwere, akatswiri ankagwera pa mchenga kapena pa utuchi, ndipo ankadumpha moti atere ndi mapazi. Kodi mchenga ndi utuchi zikusowa ku Ntcheu? Utuchi akalipentala amangoutaya. Kukumba dzenje n'kuthiramo mchenga kumafuna makasu ndi Loweruka limodzi. Kuika bango pa tizikhomo, loti likakhudzidwa ligwe lokha, sikudya ngakhale tambala. Chingwe chothina chija sichinali umphawi ayi. Kunali kusaganizira wogwa.

Sindikunena kuti tileke kudzipangira zathu n'kumadikira thandizo. Mpira wachikulunga ndi magolo a bulugamu zatilera, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ngati eni mahatchi a ndalama zankhaninkhani sanyoza tayala lakutha, ife tilinyozerenji? Chomwe ndikukana ndi maganizo akuti chinthu chikakhala chotchipa, kuvulaza n'chibadwa chake.

Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tikagwira choko, ndipo mphunzitsi wachinyamata ndiye amapatsidwa wezulo. Tsiku limenelo, musanayeze kutalika kwa nsungwi, zungulirani kuseri mukaone pomwe mwana wa eni ake akagwere.